"Yalowa" Si Saizi: Mamilimita Amene Amatidyela Njinga

Pa Ciwelu m'mawa, tikamachova kucoka ku Woodlands kulowela mumsewu wa Leopards Hill, sipalephela kupezeka njinga imodzi imene ilila. Cheni ikhwekhweleza, giya yakutsogolo ikana kukwela, mwiniwake atsalila kumbuyo. Tikamufunsa amati, "Koma n'nasintha BB mlungu watha cabe." Vuto lili pamenepo. BB ni yatsopano, koma si saizi ya crank imene ili pa njingayo.

Ise acinyamata a mu Lusaka tifunika kuleka kukhutila na mau akuti "yalowa". Citsulo cingalowe bwino-bwino, koma n'kukhala colakwika.

Kwa amene sadziwa, BB, kapena kuti bottom bracket, ni ekiselo na mabelingi ake imene ili pansi pa fulemu, pamene ma crank awili amamangidwa. Njinga zambili za mpikisano zimene timagula zitagwila kale nchito kunja zili na mtundu wakale, wa ekiselo ya makona anayi kumapeto. Ekiselo imeneyi ili na masaizi ambili: mamilimita 103, 107, 110, 113, 118, 122.5 na ena. Msampha ni wakuti zonsezi zimamangika mu fulemu imodzimodzi popanda kukana.

Pa BB pamalembedwa manambala awili, mwacitsanzo 68x113. Nambala yoyamba ni ya fulemu. Njinga zambili za mpikisano ni 68, za mountain zambili ni 73, ndipo mafulemu ena a ku Italy ni 70. Nambala yaciwili ni utali wa ekiselo, ndipo amene amalamula utali umenewu ni crank, osati fulemu. Mukasintha crank, saizi ya BB nayo ingasinthe ngakhale kuti njinga ni imodzimodzi.

Cifukwa cake n'cakuti cheni imafuna kuyenda mowongoka. Pa njinga ya mpikisano ya mbale ziwili za mano kutsogolo, mtunda wocoka pakati pa paipi ya cishalo kufika pakati pa mbale ziwilizo uyenela kukhala mamilimita 43.5. Ngati mbale ni zitatu, ni 45. Lula ya mwana wa sukulu ikwanitsa kupima zimenezi.

Lomba tiyelekeze kuti crank yanu ifuna 113, koma m'shopu mwapeza 122.5. Mbale zimasunthila kunja pafupi-fupi mamilimita 5. Kacitsulo kosintha giya yakutsogolo kamavutika kufikitsa cheni pa mbale yaikulu, cheni imayenda mopendeka, ndipo mano amadyeka msanga. Mukaika yaifupi kwambili, mbale yaing'ono kapena dzanja la crank limayamba kukwecha fulemu pafupi na wilo yakumbuyo. Fulemu ya aluminiyamu ikadyeka pamenepo, njinga yatha. Ndipo si nkhani ya ndalama cabe. Ganizilani cheni itagwa mutaimilila pa mapedulo mu Great East Road madzulo, mubwelela ku Chelstone, minibasi ili kumbuyo kwanu.

Pali kena kamene ambili sitidziwa. Makona anayi aja sali ofanana pa makampani onse. Shimano imatsatila muyeso wochedwa JIS, pamene ma crank ambili a Campagnolo amatsatila wa ISO. Mukasakaniza, crank imakhala mkati kapena kunja na mamilimita angapo, olo utali wa ekiselo ukhale wolondola. Ma crank atsopano monga Hollowtech II amabwela na ekiselo yake yomatilila, conco funso la utali palibe. Koma ambili a ise tikali kuchova zakale.

Ena adzati, "Imwe a pa wailesi mukamba monga masipeya ali mbwee. Kuno timaika cimene capezeka." Zoona. Tayendapo ise tokha kucoka ku Cha Cha Cha Road mpaka ku Kamwala kufuna saizi imodzi, n'kubwelako manja lende. Ndipo kusiyana kwakung'ono sikupha njinga. Kuika 113 m'malo mwa 110 kumasuntha mbale na milimita imodzi na hafu cabe, ndipo nthawi zambili kusintha pang'ono tumasikuluu twa giya kumathetsa nkhani. Koma mamilimita 3 na mamilimita 10 ni zinthu ziwili zosiyana. Kusowa kwa masipeya ndiye cifukwa cacikulu copimila, kuti tidziwe pamene tinganyengelele na pamene tifunika kuyembekeza.

Sitifunanso kuponya mlandu wonse kwa amakanika. Amadala okonza njinga pansi pa mtengo ku Kabwata akhala akusunga njinga za amakala na za ogulitsa ndiwo kwa zaka zambili, na zida zocepa. Luso ali nalo. Koma njinga ya giya imodzi monga Buffalo kapena Eagle ya ku Chipata siyofanana na njinga ya magiya 16 imene idapangidwa kuti ciliconse cikhale pa muyeso wake. Mlandu waukulu ni wathu. Timafika tili na cangu, timakamba kuti "nifuna BB" popanda nambala, timasankha yochipa, ndiyeno timakalipa njinga ikayamba kulila.

Nanga ticite ciani? Popita m'tauni, nyamulani BB yakale m'thumba. Ngati nambala idafufutika, pimani ekiselo kucoka kumapeto kufika kumapeto. Ngati musintha crank, onani nambala imene ili mkati mwa dzanja lake. Pa Shimano imayamba na FC. Ilembeni pa intaneti ndipo mudzaona utali umene ifuna. Mabandulo a mphindi ziwili ni ochipa kuposa cheni yatsopano. Makanika akatsiliza, musalipile msanga. Zungulutsani mapedulo, onani mpata pakati pa mbale na fulemu, ndipo sinthani magiya onse muli pomwepo.

Kwa inu ogulitsa, tikupemphani kanthu kamodzi. Ikani lula pa kauntala, ndipo mufunse kasitomala kuti crank yake ni iti. Ngati saizi yake mulibe, muuzeni zoona. Mudzataya ndalama ya tsiku limenelo, koma adzabwelanso na anzake.

Wokhala ku Kabulonga amene ali na njinga zitatu angaitanitse ina kunja akalakwitsa. Ambili a ise tili na imodzi, ndipo ndiyo imatipeleka ku nchito, ku koleji na ku wailesi pa Mande m'mawa. Sitingakwanitse kugula citsulo cimodzi kawili. Conco makanika akakuuzani kuti "yalowa", muyankheni mwaulemu kuti, "Zikomo amadala, nanga ni saizi canji?"