Ukachenjera Manja Udya Naye

Akuluakulu akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye, ndipo potero ankaphunzitsa kuti mudzi umene wadzipereka kulera mwana aliyense umadzadyerera thukuta la mwanayo akakula. Mwambiwu ndi wofunika kuukumbukira pokambirana za achinyamata amene ali ndi ulumali wa m'kaganizidwe, womwe umayamba munthu asanakule ndipo umachititsa kuti aziphunzira mochedwerapo komanso azifuna thandizo pa zinthu monga kuwerengera ndalama, kusunga nthawi ndi kuyenda ulendo payekha. Ulumaliwu, womwe umapezeka mwachitsanzo mwa anthu obadwa ndi Down syndrome, si misala, ndipo suchotsa mwa munthu chilakolako cha kuphunzira, kugwira ntchito ndi kulemekezedwa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti wachinyamata wotere akasiya sukulu, anzake amapita ku koleji kapena kukayamba ntchito pamene iye amangokhala pakhomo, mpaka luso limene aphunzitsi ndi makolo anavutikira limayamba kuzilala. Makolo ena a ku Canada anakana kuvomereza zimenezi, ndipo chifukwa cha khama lawo, mu 1987 University of Alberta mumzinda wa Edmonton inayamba kulandira ophunzira a ulumaliwu m'makalasi omwewo amene ena onse amaphunziramo. Amenewa ndiwo maphunziro ophatikiza, kutanthauza kuti wophunzira sapatulidwa kukaikidwa m'chipinda chakechake, koma amakhala pakati pa anzake a msinkhu wake, uku ntchito ya m'kalasi ikukonzedwa molingana ndi mphamvu zake.

Dziko la United States linalimbitsa njira imeneyi ndi lamulo la maphunziro apamwamba la mu 2008, lomwe linalola ophunzira a ulumali wa m'kaganizidwe kulandira thandizo la ndalama la boma akalowa m'mapulogalamu ovomerezeka, ngakhale alibe satifiketi ya masiku onse ya kusekondale. Kuyambira mu 2010 boma linayamba kupereka ndalama zokhazikitsira mapulogalamu achitsanzo, ndipo bungwe la Think College la pa University of Massachusetts Boston linapatsidwa udindo wowalumikiza ndi kusonkhanitsa zotsatira zake. Lero mapulogalamu otere m'dzikomo aposa 300, ndipo m'malo ambiri wophunzira amasankha yekha maphunziro amene akufuna, amathandizidwa ndi ophunzira anzake pa zolemba ndi pa moyo wa pasukulu, amapita kukaphunzira ntchito kumakampani, kenako amalandira satifiketi yosonyeza zimene wakwanitsa.

Komabe koleji imene sitsogolera ku ntchito yamalipiro imangochedwetsa tsiku lobwerera pakhomo, n'chifukwa chake maphunzirowa ayenera kuyendera limodzi ndi thandizo la pantchito. Kale anthu a ulumaliwu ankawasonkhanitsa m'malo awoawo ogwirira ntchito, kumene ankawaphunzitsa zaka zambiri podikira kuti tsiku lina adzakhala okonzeka, ndipo lamulo la ntchito la mu 1938 ku United States linalola kuwalipira ndalama zosafika pa malipiro otsikitsitsa ovomerezeka. Njira yatsopano imayamba ndi kumupezera munthu ntchito yeniyeni, kenako mlangizi wa pantchito, yemwe ndi katswiri wophunzitsa ntchito pamalo pomwe ikugwiridwa, amaigawa m'magawo ang'onoang'ono, amaibwereza naye mpaka ataizolowera, ndipo amachepetsa thandizo lake pang'onopang'ono kufikira wantchitoyo ataima payekha. Apa m'pamene pakupherezera mwambi wina wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, pakuti luso la munthu wophunzira mochedwa limaonekera kwa okhawo amene amupatsa nthawi.

Umboni wa zimenezi unaoneka pachipatala cha ana cha Cincinnati ku United States mu 1996, pamene Erin Riehle, namwino amene ankayang'anira gawo la odwala mwadzidzidzi, anaona kuti ntchito yoika zipangizo m'malo mwake inkasowa anthu okhalitsa, ndipo anaganiza zophunzitsa achinyamata aulumali kuti aziigwira. Apa m'pamene panabadwira pulogalamu ya Project SEARCH, momwe wachinyamata amatha chaka cha sukulu akusinthasintha magawo a ntchito pamalo amodzi, ndipo njirayi yafalikira mpaka ku Britain ndi mayiko ena. Chipatalacho chinapeza antchito amene chinkawasowa, achinyamatawo anapeza malipiro, kotero kuti wochenjera manja anadyadi naye mwana wa mnzake.

Alipo ena amene amati malo m'sukulu zaukachenjede ndi ochepa kale, choncho si nzeru kuwapereka kwa munthu amene sangalembe mayeso a digiri. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, koma imaiwala kuti ophunzirawa kawirikawiri amatsata satifiketi yawoyawo popanda kutsitsa muyezo wa digiri ya wina aliyense, ndiponso kuti kusunga munthu wamkulu pakhomo moyo wake wonse kuli ndi mtengo wake, womwe amalipira ndi mayi kapena mlongo amene wasiya geni yake kuti azimuyang'anira.

Dziko la Malawi silili kunja kwa nkhaniyi, chifukwa mu 2009 linavomereza pangano la United Nations la mu 2006 lokhudza ufulu wa anthu aulumali, lomwe ndime yake ya 24 imakamba za mwayi wofanana wa maphunziro mpaka ku koleji ndi kusukulu za ntchito zamanja, pamene ndime ya 27 imakamba za ufulu wogwira ntchito. Poyambira palipo kale, popeza koleji ya Montfort ku Nguludi imaphunzitsa aphunzitsi a ana ofuna thandizo lapadera, ndipo bungwe la TEVETA limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'dziko lonse. Chotsala n'chakuti makoleji a ntchito zamanja asunge malo a achinyamatawa, boma liphunzitse ndi kulipira alangizi a pantchito, olemba anthu ntchito apereke malipiro ofanana pa ntchito yofanana, ndipo makolo aleke kubisa ana awo m'nyumba, pakuti mwana wotereyu ndi wa mtundu wonse.