Tisanapope mankhwala, tiyambe tayang'anitsitsa



Tikaona kachilombo kachilendo timathamangira kupha, tikaona mpiru wabooka timathamangira kugula mankhwala. Ine ndikuti tiyambe taphunzira kusiyanitsa. Nazi zitsanzo ziwiri.

Choyamba ndi kachilombo kaatali kooneka ngati kamtengo kouma, kamene Angerezi amati stick insect. Masana kamangokhala duu panthambi, mwina n'kumagwedezeka ngati kakuwombedwa ndi mphepo, kuti mbalame zisakazindikire. Kamadya masamba usiku, koma kamodzi kapena tiwiri sitingathe dimba. Sikaluma munthu. Komabe ana amakaponda chifukwa cha maonekedwe okha.

Chachiwiri ndi sawfly. Aka ndi kachibale ka njuchi, mavu ndi nyerere, ngakhale kalibe mbola. Kakakazi kali ndi kachiwalo konga macheka, kamene kamachekera tsamba n'kuikiramo mazira. Mtundu wotchedwa Athalia, wathupi lachikasu chofiirira ndi mutu wakuda, umakonda mpiru, repu ndi kabichi. Ana ake ndi akuda, ooneka ngati mbozi, ndipo akachuluka amadya tsamba n'kusiya mitsempha yokha.

Choncho kooneka koopsa kaja n'kosalakwa, pamene kooneka wamba ndiko kamatilanda ndiwo.

Kudziwa izi kumapulumutsa ndalama. Mbozi yeniyeni ya gulugufe imakhala ndi timiyendo ta kumimba mapeyala 5 kapena kucheperapo. Mwana wa sawfly amakhala ndi mapeyala 6 kapena kuposa. Mankhwala a Bt amene amapha mbozi sagwira ntchito pa sawfly. Wogula asanawerenge timiyendo akhoza kutaya ndalama ya fizi.

Wina anena kuti mlimi alibe nthawi yowerenga miyendo ya tizilombo. N'zoona, ntchito ya kudimba ndi yambiri. Koma mankhwala opopedwa mwachisawawa amaphanso njuchi, ndipo mvula ikagwa amakokolokera m'mitsinje mpaka kunyanja kumene timapha chambo ndi usipa. Kuno kwa Mwadzama dimba ndi nyanja zimadyetsa banja limodzi.

Pempho langa ndi ili. Ophunzira, m'mawa tembenuzani masamba, tolani ana a sawfly ndi manja, kamtengo koyenda kaja mukasiye. Makolo, onetsani alangizi a zaulimi kachilomboko musanagule botolo. A komiti, tipatseni kamalo koti tilimepo mpiru pasukulu pano, kuti anawa aziphunzira ndi maso awo, Insha Allah.