Mayeso coyamba, kugula pambuyo

Pa mafoni a acinyamata ambili mu Lusaka masiku ano muli ma app ogulila masheya a ku New York. Munthu ali mu minibasi ya ku Matero, maso ali pa foni, akuyang'ana mizele yofiila na yobiliwila ngati ni mpila wa Zesco na Nkana. Pakati pa katundu amene amagulitsidwa kumeneko pali mtundu umodzi umene ndifuna tikambilane lelo: ma ETF ochedwa leveraged na inverse.

ETF wamba ni thumba limodzi mmene aikamo masheya a makampani ambili, imwe mumagula kagawo cabe. Ya leveraged imalonjeza kukupatsani kawili kapena katatu zimene msika wacita pa tsiku limenelo. Ya inverse imayenda cobwelela: msika ukagwa, imwe mwadya. Zikumveka bwino, si conco? Koma gwilani mau awa: pa tsiku limenelo. Madzulo alionse mawelengedwe amayambilanso, ndipo apa ndiye pagona nkhani.

Tiyeni tiwelenge pamodzi. Msika uli pa 100. Lolemba wagwa kufika pa 80, Laciwili wabwelela pa 100. Amene anagula ETF wamba sanataye kanthu. Manje tengani amene anaika K1,000 mu ya kawili. Lolemba msika wataya 20 pelesenti, iye wataya 40, watsala na K600. Laciwili msika wakwela na 25 pelesenti, iye 50, wafika pa K900. Mnzake amene anaika K1,000 mu ya inverse anasekelela Lolemba na K1,200, koma Laciwili nayenso ali pa K900. Wina anabecha kuti msika ukwela, wina kuti ugwa, msika uli pomwe unali, onse awili K100 yapita. Wa katatu watsala na K700. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyelele.

Izi si masamu a pa bolodi cabe. Mu 2022 Nasdaq-100 inagwa na pafupifupi 33 pelesenti, koma TQQQ, imene imaithamangitsa katatu, inataya pafupifupi 79. Pa 5 February 2018 pepala lina la inverse lochedwa XIV, la banki ya Credit Suisse, linataya kupitilila 90 pelesenti ya mtengo wake tsiku limodzi, ndipo pasanathe mwezi linatsekedwa.

Funso manje ni lakuti, kodi boma liletse munthu wamba kugula zinthu zimenezi? Maiko anayankha mosiyana. Ku America, bungwe la FINRA linacenjeza kale mu 2009 kuti nthawi zambili siziyenela munthu wamba amene afuna kuzisunga kupitilila tsiku limodzi. Mu 2019 bungwe la SEC linaganiza zokakamiza ogulitsa kuti aziyamba afufuza ngati kasitomala akumvetsa cimene akugula. Pofika October 2020 mfundo imeneyo inasiyidwa. Anangoika malile akuti ma ETF atsopano asapitilile kawili, akale a katatu n'kuwalola kupitiliza. Ku South Korea, anthu ambili atapsa na mapepala a mafuta mu 2020, boma linalamula kuti ofuna kugula za leveraged ayambe acita maphunzilo a pa intaneti, komanso akhale na 10 miliyoni won mu akaunti.

Ine kuletselatu sindikufuna. Munthu wamkulu amene akudziwa cimene akucita ali na ufulu pa ndalama zake, ndipo ukatseka khomo lalikulu anthu amadumphila pa windo, kupita ku ma app amene palibe amawayang'anila. Lamulo la ndalama zoyambila nalonso silindikondweletsa. Kukhala na ndalama zambili sikutanthauza kuti umadziwa masamu, kumangotanthauza kuti wolemela aloledwa kupsa, wosauka wanzelu atsala panja.

Koma pa maphunzilo, a ku Korea anaona patali. RTSA siiletsa munthu kuyendetsa basi, imangofuna kuti apase mayeso coyamba. N'cifukwa ciani pa ndalama tikhutila na kabokosi kakuti "ndavomela", pansi pa masamba ambili a Cizungu amene palibe amawelenga? Mayeso ake asakhale ovuta. Funso limodzi ngati la K1,000 lija likwanila. Amene wayankha kuti K900 alowe, amene wati K1,000 abwele mailo ataphunzila.

Kuno kwathu Securities and Exchange Commission ili na mphamvu zake pansi pa Securities Act ya 2016, koma dzanja lake silingafike msanga pa kampani imene ili kutsidya kwa nyanja. Cimene ingacite ni kufuna mayeso otele kwa aliyense amene ali na laisensi yake ngati agulitsa katundu wotele, na kufotokoza masamu aja pa wailesi m'Cinyanja, m'Cibemba na m'Citonga.

Pakali pano mlonda wa thumba lanu ndimwe. Ngati wina pa WhatsApp akuuzani kuti ikani ndalama za lendi kapena za cilimba mu cinthu cothamanga katatu, mufunseni funso la Lolemba na Laciwili. Akayamba kukanda mutu, bwezani foni m'thumba.