Mawu a Mkonzi: Sowo saphunzirira pa bolodi

Zungulirani kuseri kwa makalasi m'masukulu ambiri kuno m'chigawo cha Kum'mawa, mudzapeza mulu wa madesiki othyoka, thabwa kwina chitsulo kwina, mvula ikuwavumba. Chapafupi pomwepo mphunzitsi wa Design and Technology akujambula sowo pa bolodi ndi choko, ana n'kumakopera m'makope. Ife zikutiwawa.

Phunziroli linasonkhanitsa pamodzi zomwe kale zinali padera, ukalipentala, zosula zitsulo ndi kujambula mapulani, ndipo linalimba ndi ndondomeko ya maphunziro ya 2013, imene inatsegula njira ya ntchito zamanja pambali pa ya mabuku. Koma mtima wake si kukhoma misomali. Mwana amayamba waona vuto, n'kulijambula, kuyeza, kupanga chinthucho, kuchiyesa, chikakana n'kubwerezanso. Mavutowo kuno sitisowa. Amayi ku Katete amatupa zala posenda nsawa. Wokwezetsa anthu pa njinga ku Chipata amafuna kaliyala yosapindika. Gudumu la ngolo likaguluka m'mudzi ku Lundazi, chimanga chimagona kumunda.

Ena mwa makolo amati phunziroli ndi la ana osakhoza masamu. Amenewo ayese kudula thabwa ataphonya muyeso ndi mamilimita asanu, aone ngati chitseko chitsekeka.

Ndalama zilipo. Mu 2022, chaka chimene boma linachotsa malipiro a sukulu, thumba la chitukuko cha m'madera la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo gawo lina linagula madesiki. Zinali bwino. Koma desiki limathyoka, ndipo ana amene akanalikonza alibe hamala, alibe puleni, alibe makina owotcherera. Chizongwe ku Chipata ndi sukulu ya luso yodziwika kuyambira kale, koma mwana wa ku Vubwi kapena Chadiza sangadikire malo kumeneko. Komanso wopita ku koleji ya ntchito zamanja ya Chipata Trades kapena ya Ukwimi asamakagwire chida koyamba ali ndi ndevu. Atsikana nawonso alowe, sowo sifunsa kuti wandigwira ndani.

Inu a makomiti a chitukuko m'mawadi ndi a makomiti a makolo ndi aphunzitsi (PTA), polemba zopempha za CDF chaka chino ikanimo zida za wekishopu ya sukulu yanu, ndi sola yoyendetsa makina malaiti akapita. Ntchito yoyamba ya anawo ikhale mulu wa madesiki uja.