Mwana Akapempha Kukaphunzira Judo

Makolo anzanga, ambiri a inu okhala ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa mwalimva pempho ili pakhomo panu: mwana afuna ndalama yoti akalembetse judo kapena karate. Chifukwa chimene apereka nchomveka. Amaŵeruka kusukulu dzuŵa litapendeka, amadutsa pa depoti ya ku Limbe kapena pa Wenela ali ndi foni m'thumba, ndipo wamva za anzake amene adalandidwa. Atate ena avomera msanga, amayi ena akana msanga. Onseŵa ayankha asanafunse za zinthu ziŵiri zimene moyo wa mwanayo udzatsamirapo: munthu amene adzamphunzitsa, ndi pansi pamene adzagwerapo.

Judo ndi maseŵera ogwirana ndi kugwetsana. Adawayambitsa Kano Jigoro ku Tokyo m'chaka cha 1882, ndipo adaloŵa m'mipikisano ya Olympic mu 1964. Nafenso Amalaŵi tidatumiza mtsikana wathu, Harriet Bonface, kukapikisana ku Tokyo mu 2021. Ndi maseŵera aulemu wake. Komabe ku Japan komweko, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Nagoya, Ryo Uchida, atafufuza mbiri ya ngozi za m'sukulu, adapeza kuti ana 118 adamwalira chifukwa cha judo kuyambira 1983 kufikira 2011. Ambiri adavulala m'mutu, ndipo ochuluka mwa iwo adali ongoyamba kumene.

Ngozi imeneyi imabwera motere. Mwana akagwetsedwa chagada asanadziŵe kupinda khosi ndi kumenya mkono pansi, mutu umagwedezeka mwamphamvu, ndipo timitsempha ta pakati pa ubongo ndi chibade timaduka. Magazi amayamba kudzadza pang'onopang'ono. Kunja sikuoneka bala. Mwanayo angathe kudzuka, kuseka, ngakhale kuyenda yekha mpaka kunyumba, nkudzakomoka pambuyo pake. Ku France, kumene oseŵera judo ngochuluka kuposa ku Japan, imfa zotere za ana nzosoŵa kwambiri. Dziko limenelo lidakhazikitsa lamulo mu 1955 lakuti wophunzitsa judo akhale ndi chiphaso chovomerezeka ndi boma. Maseŵera ndi amodzimodzi, aphunzitsi ndiwo asiyana.

Mafupa nawo sapulumuka. Mu 1980 katswiri wamkulu wa ku Japan, Yasuhiro Yamashita, adathyoka mwendo pamene Sumio Endo adamtchera ndi miyendo yake iŵiri ngati sizasi, ndipo kagwetsedwe kameneko kadaletsedwa pambuyo pake. Ngati zidamgwera katswiri pa matiresi abwino, nanga mwana wa Sitandade 6 pa simenti ya m'kalasi yobwereka? Tisaiŵale kuti ngakhale Yakobo adachoka pa Penieli alikutsimphina.

Tsono nkhani yodziteteza. Pano ndiyenera kunena mosabisa mawu. Wakuba wa m'tauni sayenda yekha, ndipo kaŵirikaŵiri amabisa mpeni kapena chikwanje. Mnyamata amene wamgwetsa mmodzi nagwa naye pansi pa phula waika mutu wake pafupi ndi nsapato ya wachiŵiri. Lamba wakuda satchinga chikwanje. Mphunzitsi wanzeru amauza ana ake poyera kuti apereke foniyo, akuwe, athaŵire kumene kuli anthu. Amene amalonjeza kuti m'miyezi itatu mwana wanu adzagonjetsa anthu asanu, monga aonera m'nyumba za kanema za ku Mbayani, ameneyo mumsiye ndi malonjezo ake.

Nanga phindu lili pati? Lilipo ndithu, ndipo nditati ndisankhe ndekha, ndingasankhe judo yophunzitsidwa bwino kuposa nkhonya, pakuti m'nkhonya kumenyedwa m'mutu ndiyo ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Mtsikana wophunzira judo amadziŵa kupulumutsa dzanja lake likagwidwa, kukhala chilili akakankhidwa, ndi kudzuka msanga akagwa. Koposa zonse amadziŵa kugwa. Pa moyo wake wonse mwina sadzamenyana ndi mbala, koma adzaterereka m'matope a m'zitunda za Ndirande, ndipo tsiku lina njinga ya kabaza idzamtaya.

Safunsa adadya phula. Musanalipire kanthu, pitani nokha mukakhale pa benchi madzulo amodzi. Pondani pansi mumve ngati pali matiresi enieni. Funsani mphunzitsi kumene iye adaphunzira ndi amene adampatsa lamba wakeyo. Woona sakwiya ndi funso limeneli. Penyani ngati ongoyamba kumene akuthera masabata awo oyamba pophunzira kugwa, ndi ngati mwana wa zaka 10 akumpatsa mnzake wa msinkhu wake. Oseŵera ali ndi chizindikiro chogonjera: wogwidwa amagunda pansi kapena pa thupi la mnzake kaŵiri, ndipo winayo ayenera kusiya pomwepo. Mukaona wina akupitiriza kupinda mkono wa mnzake chizindikirocho chitaperekedwa, mphunzitsi nangoseka, nyamukani ndi mwana wanu. Kukanyanga pakhosi kumakomola munthu m'masekondi oŵerengeka, ndipo ana aang'ono sayenera kuchita zimenezi mpang'ono pomwe.

Mwana akabwera kunyumba nanena kuti mutu ukumuŵaŵa atagwetsedwa, asabwererenso ku maseŵero kufikira dokotala atamuona, pakuti kugwa kwachiŵiri ubongo usanachire nkoopsa koposa koyamba. Akayamba kusanza, kuodzera kosadzutsika, kulankhula zosamveka kapena kuyenda dzandidzandi, musampatse Panado nkumgoneka kuti muone maŵa. Pezani galimoto usiku womwewo mupite naye ku Gulupu, ndipo mukafika muwauze anamwino nthaŵi imene adagwa ndi mbali ya mutu imene idagunda pansi.