Ayironi akachuluka, mafupa ndiwo amalipira

Takula tikumva nyimbo imodzi: magazi achepa, imwani mankhwala. N'zoona, kuchepa kwa magazi kukuzunza amayi ndi ana ambiri ku Machinga ndi ku Balaka kuno. Koma palibe amene anatiuza kuti mchere wa ayironi ukachulukitsa m'thupi nawonso ndi matenda.

Thupi lilibe njira yotayira ayironi wotsala. Patsiku limataya mamiligalamu 1 kapena 2 okha. Wina yense amaunjikana m'chiwindi, mumtima ndi m'ziwalo zopanga mahomoni. Amafooketsanso maselo omanga mafupa, mpaka fupa limayamba kufumbwa ngati nsichi yodyedwa ndi chiswe.

Nkhaniyi si yachilendo. Mu 1929, dokotala A. S. Strachan anapeza ayironi wochuluka m'matupi a anthu akuda omwe anamwalira ku Johannesburg. Pambuyo pake kunadziwika kuti gwero lalikulu linali mowa wamasese wofululidwa m'migolo yachitsulo: mowa ukamasasa umasungunula chitsulocho. M'zaka za m'ma 1960, madokotala akomweko anaona abambo osakalamba kwenikweni mafupa amsana atafooka mpaka kuphwanyika. Mu 1992, Victor Gordeuk ndi anzake anasonyeza kuti chibadwa cha m'banja chimathandiziranso. N'chifukwa chake anthu awiri angamwere chipanda chimodzi, wodwala n'kukhala mmodzi.

Tsono taganizirani migolo yadzimbiri imene amafululira masese kumudzi kwanu. Malume akayamba kuwerama ali ndi zaka 50, timangoti ndi khasu, apo ayi awalodza. Ndani amaganiza za mgolo?

Palinso ana odwala sickle cell amene amaikidwa magazi kawirikawiri. Paketi iliyonse imabweretsa mamiligalamu pafupifupi 200 a ayironi. Magaziwo amapulumutsa moyo, koma makolo ayenera kuuzidwa kuti ayironiyo azipimidwa.

Ife ophunzira tili ndi mlandu wathu. Tikamva chizungulire nthawi ya mayeso, timathamangira kukagula mapiritsi owonjezera magazi popanda kupimitsa, mwina vuto lili malungo, njala kapena kusagona.

Ndisamveke molakwa. Mayi woyembekezera amene walandira mapiritsi kusikelo ku Liwonde kapena ku Balaka amwe onse monga anamwino anenera. Chomwe ndikukana n'kudzilembera tokha mankhwala.

Pimitsani kaye. Ndipo mukapita kumudzi tchuthi chino, kayang'aneni m'kati mwa mgolo uja, mufunse agogo chimene anasiyira mbiya yadothi.