Thandala la Zovala Lopachika Kudenga: Yambani Mwaona Denga ndi Zenera

Pali nkhani zina zimene anthu ophunzira amaziyesa zosayenera kulembedwa m'nyuzipepala, ndipo kuyanika zovala ndi imodzi mwa izo. Komatu mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu, napeza ntchito m'tauni, nayamba kulipira lendi ya kachipinda kake koyamba, satha masabata aŵiri asanakumane nayo nkhaniyi. Kumudzi poyanika sipasoŵa: pali mpanda, pali chingwe chomangidwa pakati pa mitengo iŵiri ya mango. Koma m'fulati ya pamwamba, kapena m'tinyumba tomangidwa mondondozana kuseri kwa nyumba ya eni malo, chingwe n'chimodzi pamene mabanja ndi asanu, ndipo wosiya malaya ake panja popita kuntchito sadziŵa ngati akaŵapeza pobwera. Onjezanipo mvula ya pakati pa Novembala ndi Epulo, ndi chiperoni chimene chimakuta Blantyre, Thyolo ndi Mulanje m'miyezi yozizira. Pamenepo mudzamvetsa chifukwa chake mphunzitsi waulemu wake nthaŵi zina amaima pamaso pa kalasi Lolemba m'maŵa atavala malaya onunkha chuku.

Chipangizo chimene ndifuna tikambirane lero ndichitcha thandala, pobwereka dzina la lija timayanikapo mbale kuseri kwa khitchini. Limeneli ndi timitengo kapena timapaipi 4 kapena 6, togonekedwa motsatana, togwiridwa ndi zitsulo ziŵiri kumapeto, ndipo lonselo limapachikidwa kudenga ndi zingwe zodutsa pa timagudumu. Amene adakwezapo mbendera pasukulu akudziŵa kale m'mene limagwirira ntchito. Mumasula chingwe pa kachitsulo ka pakhoma, thandala litsika kufika pachifuŵa. Muyanika zovala, mukoka chingwe, zovalazo zikwera kukakhala pamwamba pa mitu ya anthu, ndipo pansi ponse patsala poyera.

Si chinthu chatsopano ayi. Ku Britain ankalipachika m'makhitchini kuyambira zaka za m'ma 1800, pafupi ndi chitofu cha malasha, podziŵa kuti mpweya wofunda umakwera m'mwamba. M'nyumba zakale zosanjikizana za mu Glasgow ndi Edinburgh, zimene zipinda zake ndi zazitali msinkhu, mathandala otere akadalipo mpaka lero. Ku India, m'mizinda yothithikana ngati Mumbai, kudafala mtundu wina, umene kapaipi kalikonse kali ndi chingwe chakechake, kotero kuti munthu amatsitsa kamodzikamodzi. Ku Singapore, kumene anthu pafupifupi 8 mwa 10 alionse amakhala m'mafulati omangidwa ndi boma, nsungwi zoyanikira zimakoloŵekedwa kudenga la khitchini, ndipo dzuŵa likaŵala amazitulutsira pazenera. Tsopano kudabweranso mathandala a magetsi ochokera ku China ndi ku Korea, okwera ndi kutsika munthu atangodina kabatani. Abale athu okhala m'mafulati a ku Johannesburg ndi Cape Town ali ndi chifukwa chinanso chofunira chipangizochi, pakuti malamulo a nyumba zambiri zosanjikizana kumeneko amaletsa kuyanika zovala poonekera kwa anthu akunja.

Munthu akafuna kugula, maso ake amathamangira ku thandala lenilenilo: kunyezimira kwake, kuchuluka kwa timapaipi take, mtengo wake. Ine ndikuti kumeneko n'kuyambira kumchira. Thandala siliumitsa zovala; limangozigwira. Chimene chimaumitsa ndi mphepo, monga momwe ana athu amaphunzirira m'sayansi, kuti madzi amauluka msanga pofunda, popita mphepo, ndi pamene nsalu yatambasulidwa. Madzi amene achoka m'malaya sazimirira. Amaloŵa mumpweya wa m'chipindamo, ndipo akasoŵa potulukira amakakhala pakhoma lozizira, kuseri kwa kabati, m'matilesi ndi m'mabuku. M'chaka cha 2012 akatswiri a ku Mackintosh School of Architecture mu Glasgow adafalitsa zimene adapeza atafufuza nyumba 100. Iwo adaona kuti kuyanika zovala m'nyumba kumawonjezera kwambiri chinyezi, ndi kuti chinyezicho chimabala nkhungu ndi tizilombo ta m'fumbi, zinthu zimene zimautsa mphumu. Tsono funso loyamba si lakuti thandala liti, koma lakuti, kodi m'nyumba muno muli malo amene mphepo imaloŵa ndi kutuluka? Khonde lofolera ndilo loposa onse. Pambuyo pake pabwera bafa lokhala ndi zenera lotseguka, ndiponso kanjira ka pakati pa chitseko ndi zenera. Ngati chipinda n'chimodzi, zenera n'limodzi, ndipo zeneralo limakhala chitsekere poopa akuba ndi udzudzu, thandala lidzangosandutsa pogona panu kukhala phanga.

Funso lachiŵiri ndi la denga, ndipo pano ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa ndi pamene pagona ngozi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Nsalu ya thonje yofinyidwa ndi manja imasunga madzi olemera pafupifupi mofanana ndi nsaluyo, pamene makina ochapira, amene amazunguza zovala mwamphamvu, amasiyamo pafupifupi theka la madzi ameneŵa. Ndiye kuti zovala zolemera makilogalamu 5 zili zouma zimafika makilogalamu 10 zikachapidwa pamanja, ndipo apa sitinaŵerengere thandala lenilenilo, kapena bulangete lonyoŵa limene wina adzaponyapo tsiku lina. Katundu ameneyu sangokhala phee. Amakokedwa ndi kutsitsidwa sabata ndi sabata, ndipo kukoka kulikonse kumagwedeza chomangira. Kagudumu ka mbali imene kuli chingwe chokokera ndiko kamasenza zambiri.

Madenga a m'kati alipo a mitundu iŵiri. Wokhala m'fulati ya pansi kapena ya pakati ali ndi konkire pamutu pake, ndipo konkireyo imanyamula thandala mosavuta, malinga aboole ndi makina oyenera ndi kuikamo mabawuti aja amatupa m'kati mwa bowo pomangidwa. Koma nyumba zambiri zili ndi siling'i ya mabodi opyapyala, okhomedwa ku timatabwa. Bodi lotere lidapangidwa kuti libise malata, osati kuti linyamule katundu. Sikuluwu yoloŵa m'bodi mokha idzagwira mwezi umodzi kapena iŵiri, kenaka tsiku lina idzazuka pamodzi ndi chibenthu cha siling'i, ndipo mwaŵi udzakhalapo ngati pansipo sipadzakhala mwana. Chomangira chiyenera kuloŵa m'thabwa lenileni lochindikala. Ngati matabwawo sali pamene mukufuna, mmisiri ayambe wakhoma thabwa lina lopingasa logwira matabwa aŵiri kapena atatu, ndipo timagudumu timangidwe pa limenelo. Asanaboole afufuze kumene kwadutsa mawaya a magetsi. Kaŵirikaŵiri amayenda molunjika kuchokera pa nyale. Palinso china chimene ambiri sachilabadira. M'nyumba zakale mabodi ena a siling'i ali ndi asibesito, amene fumbi lake limaononga mapapo, ndipo matenda ake amaonekera patapita zaka makumi angapo. Britain idamuletsa kotheratu mu 1999, South Africa mu 2008, koma lamulo silidachotse mabodi amene adakhomedwa kale. Bodi lakale lokayikitsa lisabooledwe.

Kusiyana kuja kwa kufinya kwa manja ndi kwa makina kuli ndi phunziro linanso. Mathandala ambiri a m'masitolo adapangidwira mabanja okhala ndi makina ochapira, amene zovala zawo sizidontha. Zathu zochapa m'beseni zimadontha kwa kanthaŵi ndithu. Zithunzi za pa intaneti zimaonetsa thandala litapachikidwa pamwamba pa tebulo kapena pafupi ndi kama, ndipo wotsanzira zimenezo adzagona pa matilesi onyoŵa. Pansi pa thandala pakhale simenti kapena matailosi, poti n'kukolopa.

Kenaka tengani tepi muyeze. Zipinda zambiri za masiku ano ndi zazitali mamita 2.4 kuchokera pansi. Thandala likakwezedwa mpaka pothera limakhalabe masentimita ngati 30 kunsi kwa siling'i, chifukwa cha timagudumu ndi zitsulo zake. Buluku lopindidwa pakati limatsika masentimita ena 50. Chotsala ndi mamita 1.6, kutanthauza kuti munthu wamtali adzapukutidwa kumaso ndi miyendo ya buluku podutsa. Masamu ameneŵa ngosavuta, koma ndi oŵerengeka amene amaŵachita asanalipire. Nyumba zija za ku Glasgow zidaliyanja thandala chifukwa zipinda zake ndi zazitali. M'zathu zazifupi liyenera kukhala chakukhoma, kapena pamwamba pa bafa, posadutsadutsa anthu. Ndipo poyeza utali kumbukirani chitenje, chimene ndi mamita 2. Pa kapaipi ka mita imodzi chiyenera kupindidwa, ndipo nsalu yopindidwa imachedwa kuuma. Ngati malo alola, timapaipi 4 tatitali tiposa 6 tatifupi tothithikana, pakuti pakati pa chovala ndi chinzake payenera kutsala mpata woloŵa chikhato kuti mphepo idutse.

Za chimene thandala lapangidwa nacho sindichulukitsa. Chitsulo wamba chopakidwa utoto wonyezimira ndicho chikomekome cha nkuyu: utoto ukakanganuka dzimbiri limaloŵa m'kolala ya malaya oyera, ndipo silichoka ndi sopo. Chitsulo chosachita dzimbiri, aluminiyamu, matabwa opalidwa bwino kapena nsungwi zokhwima, zonsezi n'zabwino. La magetsi ine sindilivomereza kwa munthu wongoyamba kumene ntchito. Mtengo wake ngwaukulu, limafuna kukokera mawaya kudenga, ndipo magetsi akathima zovala zili m'mwamba mudzakwera pampando kuti mutenge malaya a maŵa. Chingwe ndi kagudumu, zikaonongeka, mmisiri aliyense wa pamsika akhoza kukonza. Kunena zoona, amisiri owotcherera zitsulo ndi opala matabwa a ku Ndirande kapena ku Mchesi angathe kupanga thandala lonse ataona chithunzi chake, ndipo lawo lidzakhala la muyezo wa chipinda chanu.

Ena adzati, popeza Angerezi ankalipachika m'khitchini, nafenso titero. Chitofu chawo chinali ndi chumuni chotulutsira utsi kunja. M'khitchini yathu yaing'ono muli mbaula, mafuta okazingira ndi usipa, ndipo yunifolomu ya mwana idzanena yokha kusukulu chimene mudadya dzulo. Choopsa koposa ndi chizoloŵezi choloŵetsa mbaula ya makala m'chipinda chotseka kuti zovala ziume msanga. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo ndi wosaoneka, umene umapha anthu ali m'tulo; ndiponso nsalu youma ikagwera pamoto nyumba imapsa. Pabalaza napo pali vuto lake. Mwa mwambo wathu zovala za m'kati siziyanikidwa poonekera, ndipo palibe amene angafune kuti apongozi ake, atakhala pampando, akweze maso n'kuona zimene sayenera kuona.

Alipo amene angatsutse nkhani yonseyi ponena kuti dzuŵa la kuno ndi laulere, nanga bwanji kuononga ndalama? Akunena zoona mbali imodzi. Pamene pali chingwe chabwino panja ndi tsiku loŵala, palibe thandala lingapose dzuŵa, ndipo mabulangete ndi mateŵera ayenera kupita kumeneko. Koma kusoŵa kwa chingwe n'kumene kumachititsa anthu kuyanika pansi ndi pa zitsamba, kumene ntchentche ija ya mphutsi imapeza nsalu yonyoŵa niikirapo mazira. Mphutsizo zimaloŵa pakhungu n'kutupitsa ngati chithupsa, makamaka kwa ana. N'chifukwa chake amayi athu ankasita chilichonse choyanikidwa panja, mpaka m'misoko momwe. Thandala la m'mwamba limachepetsa vutoli, ngakhale kuti simbi siyenera kutayidwa. Enanso amati chingwe chomangidwa kuchokera pazenera kufika pa msomali wa pachitseko chimagwira ntchito yomweyo. Chimaigwiradi, koma chimadula chipinda pakati, ndipo m'nyumba yothina malo oyendamo ndiwo chuma.

Chatsala ndi eni nyumba. Safunsa adadya phula. Kuboola denga la nyumba ya lendi popanda chilolezo ndiko kupereka chifukwa chokulandani ndalama za chikole pa tsiku losamuka. Pitani kwa eni ake, afotokozereni kuti mabowo ndi angati ndipo adzakhala pati, mugwirizanenso ngati thandalalo lidzatsala kapena mudzapita nalo, ndipo zimenezi zilembedwe. Eni nyumba anzeru sakaniza, pozindikira kuti zovala zoyanikidwa pafupi ndi zenera zimasunga utoto wa makoma kuposa zounjikidwa pa mipando ndi pa zitseko. Akakana, kapena siling'i ikakhala yofooka, gulani thandala loimika pansi lotha kupinda, kapena lomangirira kukhoma la njerwa, mudikire nyumba ina.

Kwa amene denga lawo ndi lolimba, zenera lilipo ndipo chilolezo chaperekedwa, kusamala kotsala ndi kwa chingwe. Ndicho chimayamba kutha, makamaka pamene chimakhudza kagudumu, ndipo chisinthidwe chikangoyamba kunyenyeka. Potsitsa thandala lodzaza gwirani ndi manja aŵiri, musalitaye kuti ligwe lokha. Kachitsulo komangirapo chingwe kakhomedwe pamwamba, ndipo chingwe chotsala chikulungidwe chonse pamenepo, poti mwana wamng'ono sangachifikire n'kudzikola nacho m'khosi.